GASI NDI WATHU, NANGA TIKUGULIRANJI DIZILO?



Akuluakulu akukumbukira masiku amene magetsi a pa boma ankacokera ku injini ya dizilo. Inkalira madzulo okha, utsi uli tolotolo. Galimoto ya mafuta ikatitimira m'matope, ngakhale cipatala cinkagona mumdima. Mpaka lero injini zotere zikadalirabe, pa zigayo, m'zipatala ndi m'mizinda ina magetsi akathima.

Ife tikuti: dizilo watikwana.

Dziko la Moçambique siliyenga mafuta. Dizilo yense amabwera pa sitima, kutsikira pa madoko monga Matola, Beira ndi Nacala, ndipo amagulidwa ndi madola. Dola ikakwera, amalipira ndi inu.

Koma gasi ali pansi pa nthaka yathu. Kuyambira 2004, gasi wa ku Pande ndi Temane, m'cigawo ca Inhambane, amayenda m'mpope wa makilomita 865 kupita ku South Africa, ndipo wambiri amathera komweko. Mu 2022 gasi wa pa nyanja ku Cabo Delgado anayambanso kugulitsidwa kunja. Kodi mlimi amagulitsa cimanga conse kuti akagule gaga kwa eni?

Njira ina ilipo, ndipo taiona. Mu 2014 EDM ndi Sasol anatsegula malo opangira magetsi ku Ressano Garcia: injini 18 zoyendera gasi, za mphamvu ya megawati 175. Injini zotere sizitulutsa mwaye wakuda umene umalowa m'cifuwa. Zimadzuka m'mphindi zocepa, motero zimathandiza madzi akacepa ku Cahora Bassa, monga zinacitikira ndi cilala ca 2024.

Ena amati gasi nayenso amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko. Nzoona, koma wocepa poyerekeza ndi dizilo. Tisalekerere utsi wakuda podikira za mawa.

Ena amati mpope wa gasi sufika ku Tete kapena ku Niassa, ndiye nkhaniyi si yathu. Ai! Magetsi amayenda pa waya. Ndipo ife a ku Tete tikudziwa kupweteka kwake: mawaya a ku Songo amadutsa pamwamba pa midzi imene mayi amacirabe ndi kuwala kwa foni. Injini zatsopano popanda mawaya ofika kumudzi ndi phwando la eni.

Boma linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhala ndi magetsi. Lonjezo ndi ngongole. Conco wofuna voti yanu akabwera, wa cipani ciliconse, musangovina. Mufunseni:

1. Ndi injini ziti za dizilo zimene mudzazimitse, ndipo caka citi?
2. Ndi gasi woculuka bwanji amene adzatsale m'dziko muno kuti apange magetsi athu?
3. Mapangano ndi makampani a gasi mudzawaika poyera kuti aliyense awerenge?
4. Waya adzafika liti pa cipatala ndi pa sukulu ya kwathu kuno?

Akayankha, sungani mau akewo. Akazemba, mwamudziwa. Safunsa anadya phula.

Kapulana ndi malaya a cipani zimang'ambika mvula isanathe, koma amene mwamusankha amakhala pampando zaka zisanu.

Kalembetseni. Sungani bwino khadi lanu. Voti yanu ndi yacinsinsi: palibe mfumu, bwana kapena mkulu wa cipani amene angaione.