Kompyuta ikadzaza, mankhwala ake si kufufuta zonse

Pa chilumba cha Likoma, kompyuta ikavuta si nkhani yamasewera. Amisiri ambiri ali kumtunda, ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu, ndipo kuti munthu awapeze ayenera kudikira sitima ya Ilala kapena boti, n'kulipira ulendo wa maola angapo panyanja.

N'chifukwa chake makina akangolemba kuti malo atha, ena amathamangira kufufuta zonse. Zithunzi za ukwati wa ku St Peter's Cathedral, malikisi a ana asukulu, ngakhale kaundula wa ngongole za usipa, zonse zimapita tsiku limodzi.

Chikhalirecho msodzi bwato likalemedwa sataya ukonde ndi nkhafi m'madzi, amayamba waona chimene chalemetsa.

Ntchito yotereyi pa kompyuta imagwiridwa ndi mapulogalamu monga WinDirStat, yomwe ndi yaulere. Imajambula faelo iliyonse ngati kabokosi: faelo ikakula, bokosi lakenso limakula. Apo mwini wake amadzionera yekha kuti filimu imodzi ya 1GB yadya malo a zithunzi mazanamazana. Pafoni napo, WhatsApp ili ndi gawo la Manage storage lomwe limasonkhanitsa mafaelo opitirira 5MB.

Chofunika kusamala ndi foda ya Windows, chifukwa kufufuta za m'menemo n'kupha makina.

Aphunzitsi a kompyuta m'sukulu za ku Likoma ndi ku Chizumulu achita bwino kuphunzitsa ana luso limeneli. Filimu ikafufutika imapezekanso kwa anzawo, koma chithunzi cha agogo amene adatisiya sichijambulikanso.