Kudalira chimanga chokha: zomwe chilala cha 2024 chinavumbula kummwera kwa Africa

LILONGWE – Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dzikolo lagwa m'ngozi ya chilala. Mu Malichi dziko la Malawi linalengeza zomwezo m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo Zimbabwe inatsatira kumayambiriro kwa Epulo. Pofika mu Meyi, bungwe la SADC linali likupempha thandizo la madola a ku America 5.5 biliyoni kuti lipulumutse anthu oposa 61 miliyoni.

Ng'amba yomwe inadza ndi mphepo ya El Niño inagwa mu Febuluwale, nthawi yomwe chimanga chimamasula ngayaye ndipo chimafuna madzi kuposa nthawi ina iliyonse. Chigawochi chinaonapo zoterezi mu 1992 ndi mu 2016. Nthawi zonsezi, mbewu imodzi italephera, mayiko athunthu anagona ndi njala.

Chimanga si mbewu ya makolo a kuno. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chinagonjetsa mapira, mawere ndi mchewere makamaka m'nthawi ya atsamunda, pomwe migodi ndi minda ikuluikulu zinkafuna chakudya chotsika mtengo chodyetsa antchito. Maboma odzilamulira anapitiriza pomwepo. Lero m'madera ambiri munthu amene wadya mbatata, maungu kapena mpunga amanenabe kuti sanadye, chifukwa sanaone nsima.

Ndondomeko za boma zinakhazikitsa chizolowezichi. Ku Malawi, pulogalamu ya makuponi a feteleza ndi mbewu yomwe boma la a Bingu wa Mutharika linayambitsa mu 2005 inakweza zokolola, ndipo dzikoli linatamandidwa kunja konse. Palibe angakane kuti mabanja ambiri anakhuta m'zaka zimenezo. Koma gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi linkathera pa mbewu imodzi, pomwe ulangizi, kafukufuku ndi ulimi wa mthirira zinkalandira zotsalira. Ku Zambia nako, bungwe la Food Reserve Agency lakhala likugula chimanga kuposa mbewu ina iliyonse. Mlimi amalima chomwe akudziwa kuti chili ndi wogula.

Mtengo wa zonsezi ukuoneka m'matupi a ana ndi m'nthaka. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015/16 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira, patatha zaka khumi makuponi akugawidwa. Nsima imakhutitsa, koma payokha simanga thupi. Ndipo munda wolimidwa chimanga chaka ndi chaka, mapesi akutenthedwa, umaguga mpaka thumba la feteleza silibweretsanso zomwe linkabweretsa kale.

Nyama nazo zimalipira. Mu 2024 alimi a kummwera kwa Zimbabwe anataya ng'ombe zambiri posowa msipu ndi madzi. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma la Namibia linalengeza kuti lipha nyama zakutchire 723, kuphatikizapo njovu 83, n'kugawa nyamayo kwa anthu anjala, ndipo mu Seputembala Zimbabwe inanena kuti ipha njovu 200. Mabungwe oteteza nyama anadzudzula, maboma nawo anati nyamazo zachuluka kuposa msipu ndi madzi omwe alipo. Chomwe sichinatchulidwe mokwanira pa mkanganowo n'chakuti banja lomwe munda wake wapsa limatembenukira kutchire: limatchera misampha, limaotcha makala. Ku Zambia, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo a m'tauni anathamangira makala omwewo.

Njira zina zilipo, ndipo zinayesedwa kale kuno komwe. Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, pulojekiti ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba mu 2000 chifukwa cha kuchuluka kwa ana onyentchera omwe ankagonekedwa m'chipatala. Alimi anayamba kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kapena soya, n'kumakwirira masamba ake m'nthaka, kenaka n'kubzala chimanga chaka chotsatira. Mbewu za mtundu wa nyemba zimabwezera chonde m'nthaka, choncho feteleza wofunika amachepa.

Koma chomwe chinasiyanitsa ntchito ya ku Ekwendeni sichinali m'munda mokha. Anthu ankasonkhana kuphika ndi kulawa zakudya zosiyanasiyana, ndipo pa misonkhanoyo ankaitana abambo ndi agogo aakazi, popeza ndi iwo amene nthawi zambiri amagamula zomwe zigulitsidwe ndi zomwe mwana adye. Ofufuza anapeza kuti ana a m'midzi yomwe inatenga mbali kwa nthawi yaitali ankakula bwino kuposa anzawo. Nandolo analowa mumphika, osangothera m'thumba la venda.

Kufunika kwa mfundoyi kunaoneka mu 2017. Alimi a ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania anali atawonjezera minda ya nandolo podalira msika wa ku India. Dzikolo litachepetsa nandolo wogula kunja mu Ogasiti chaka chimenecho, mitengo inagwa, ndipo ambiri anatsala ndi matumba opanda wogula. Kusinthitsa chimanga ndi mbewu ina yodalira msika umodzi wakutali n'kungosamutsa vuto lomwelo.

M'chigwa cha Luangwa ku Zambia, bungwe la COMACO, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, linayambira kumsika. Limagula mpunga, mtedza, soya ndi uchi kwa alimi omwe alonjeza kusamala nthaka ndi kuleka kupha nyama popanda chilolezo, n'kugulitsa zinthuzo m'masitolo pansi pa dzina lakuti It's Wild! Alenje akale anapereka mfuti ndi misampha ya waya posinthana ndi maphunziro a ulimi. Apa nyama yakutchire imapulumuka chifukwa chiponde chagulidwa ku Lusaka.

Zimbabwe yatenga njira ya boma. Kuchokera mu 2020, ndondomeko ya Pfumvudza yalimbikitsa kubzala m'mayenje pa malo ochepa ophimbidwa ndi zinyalala, ndipo m'madera ouma boma lakhala likugawa mbewu ya mapira ndi mchewere m'malo mwa chimanga. Bungwe la United Nations nalo linapatula chaka cha 2023 kukhala chokumbukira mbewu za mtunduwu.

Komabe amene amatamanda mapira ali mu ofesi kawirikawiri sanayambe awapunthapo. Mbalame zimatha kumaliza munda ngati palibe woingitsa, ndipo ntchito yopuntha, kupeta ndi kusinja imagwera amayi, omwe ali kale ndi ntchito zambiri. Chimanga chinapambana mwa zina chifukwa makoko ake amachiteteza ku mbalame, komanso chigayo chake chili pafupifupi pamsika uliwonse. Ulimi wophimbira nawo uli ndi mkangano wake: mapesi omwe alangizi akuti atsale m'munda ndi omwewo amene ng'ombe ndi mbuzi zimadya m'chilimwe, ndipo moto wa osaka mbewa susankha munda.

N'chifukwa chake kuuza anthu kuti asinthe kadyedwe, monga momwe atsogoleri amachitira njala ikavuta, sikupita patali. Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa sanasiye nsima ya mapira ndi mchewere, a ku Nkhata Bay amadya kondowole, a ku Luapula ali ndi chinangwa chawo. Chomwe chikusowa ndi mbewu yabwino, makina opunthira, zigayo ndi wogula wodalirika. Ogula akuluakulu alipo kale m'manja mwa maboma: sukulu zogonera komweko, zipatala, ndende, asilikali ndi nkhokwe za dziko. Mu 2003 ku Maputo atsogoleri a mu Africa analonjeza kupereka gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti ku ulimi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko ochepa omwe anafikapo pa mlingowu, ndipo ndalama zambiri zinagula feteleza wa chimanga.