Nkhuyu zodya ana zisamangopota aphunzitsi okha

Zafika poti chaka sichitha osamva kuti ophunzira a pasekondale yakutiyakuti aswa magalasi, atentha ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kapena agenda nyumba za aphunzitsi usiku. Apolisi amabwera ndi utsi wokhetsa misozi, sukulu n'kutsekedwa, ana n'kuuzidwa kuti anyamule zikwama azipita kwawo. Kukamacha, m'minibasi, mumsika ndi pawailesi mlandu umakhala utagamulidwa kale. Akuti aphunzitsi a masiku ano ndi opanda pake. Akuti alekerera ana. Akuti amangowerenga masiku kudikira malipiro. Akuti kale aphunzitsi adali aphunzitsi.

Ine chigamulo chimenechi ndikuchikana, ndipo ndinena mosapsatira mawu. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ndi zoona. Koma wamkulu pankhani ya mwana wasukulu ndi mphunzitsi yekha? Kholo si wamkulu? Nduna si wamkulu? Nanga wamalonda amene amagulitsa kachasu kuseri kwa mpanda wa sukulu? Mphunzitsi timamuloza chala chifukwa ndiye ali pafupi. Amene amagamula za ndalama, za chiwerengero cha ana ndi za malamulo ali kutali ku Capital Hill, kumene mwala wa mwana wa Fomu 3 sungafike.

Tiyambe ndi "kale" limene anthu amalilirali. Nthawi ya chipani chimodzi m'sukulu mudali bata ndithu, koma bata lake lidali la mantha. M'sekondale mudali alangizi a Payoniya, ndipo mwana ankadziwa kuti akalankhula mopotoka nkhani siithera kwa hedimasitala. Mkwapulo udali pambali pa choko. Amalawi tidavota pa 14 Juni 1993 kuti tikufuna matipate, mu Disembala chaka chomwecho asilikali adalanda zida Apayoniya, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994, m'ndime 19, adakana chilango chomenya munthu m'manja mwa nthambi za boma. Ndime 43 idawonjezera kuti aliyense amene ofesi ya boma ikumupatsa chigamulo chomukhudza ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo ndi kuuzidwa zifukwa zake polemba. Zonsezi n'zabwino, ndipo sindikufuna kuti tibwerere. Mwana womenyedwa amaphunzira chinthu chimodzi, chakuti wamphamvu ndiye wolondola, ndipo phunziro limeneli ndi lomwe amalibweza ndi miyala.

Vuto n'lakuti tidachotsa mkwapulo m'manja mwa mphunzitsi koma sitidaikemo kanthu. Ndani adakhala pansi ndi aphunzitsi kuwaphunzitsa njira zina zosungira mwambo? Ndani adafotokozera ana kuti demokalase ili ndi malire, kuti ufulu wako umathera pamene payambira wa mnzako? Ndi sukulu zingati za boma zili ndi munthu wolembedwa ntchito ya uphungu wa ana basi? Kawirikawiri amangoloza mphunzitsi mmodzi amene ali kale ndi makalasi odzaza, n'kumuuza kuti inu ndinu aphungu. Mwana akapalamula mlandu waukulu, mphunzitsi wamkulu amamuimitsa, mapepala n'kupita kumaofesi a divishoni ndi kuunduna, kumene amakagona miyezi. Nthawi zina mwana yemwe uja amabwerera, akuyenda monyang'wa, anzake akumuombera m'manja. Mawa lake mphunzitsi amene adagwira mwanayo ndi chamba aziyang'ana kumbali. Mukanakhala inu mukanatani?

Chachiwiri ndi chiwerengero. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidayambitsa pulayimale yaulere. Ana adakhamukira kusukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba aphunzitsi cha m'ma 20,000, ambiri mwa iwo asadapiteko kukoleji ya zauphunzitsi, n'kuwapatsa kosi ya masabata ochepa. Ndondomeko ya MIITEP yowaphunzitsa ali pantchito idayamba mu 1997. Mu 1998 sukulu za MCDE zidasandutsidwa ma CDSS, ndipo zambiri zidayamba ndi aphunzitsi otengedwa kupulayimale, popanda laibulale, popanda labotale. Maphunziro aulere tidawafuna tokha ndipo adatsegulira khomo ana a anthu osauka. Koma paja walira mvula walira matope. Matope ake ndi makalasi a pansi pa mtengo ndi zipinda zimene mwana wakumbuyo samuona n'komwe mphunzitsi. Boma lenileni limati cholinga chake n'chakuti mphunzitsi mmodzi wa pulayimale akhale ndi ana 60. Pitani m'makalasi a Sitandade 1 ndi 2 a m'matauni athu mukawerenge nokha, mukapeza ena apitirira 100.

Inu amalonda mukudziwa kuti benchi ikakhala ndi makasitomala khumi nthawi imodzi, wina amakuberani sopo muli maso. Ndiye mwati munthu mmodzi adziwe khalidwe la ana 100, adziwe amene wagona ndi njala, amene akuzunzidwa kwawo, amene wayamba kusuta? Mayina okha sangawasunge. Mwana amene wakula zaka zisanu ndi zitatu wopanda mphunzitsi womudziwa dzina ndiye amafika ku Fomu 1. M'mera mpoyamba, ndipo poyambapo tidapasiya pa mphepo.

Chachitatu, tiyeni tione chimene chimayatsa moto. Mukafunsa bwino za zipolowe za m'sekondale zogonera komweko, nkhani zake sizisintha kwenikweni. Nsima ya mgaiwa yosapsa. Nyemba zofumbwa sabata yonse. Nyama imene idalonjezedwa koma osaoneka. Madzi adulidwa, magetsi adulidwa. Mafoni alandidwa, disiko yaletsedwa, mnzawo waimitsidwa sukulu popanda kuwafotokozera. Mwa zonsezi, n'ziti zimene mphunzitsi wa masamu amagamula? Fizi ya bodingi imakhazikitsidwa kumayambiriro, koma mtengo wa chimanga ndi nyemba sudikira teremu kuti ithe. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amalonda mudakweza mitengo mawa lake, ndipo palibe angakudzudzuleni. Nanga hedimasitala akanakweza chiyani? Makolo ena amalipira theka, ena amalipira teremu ikutha. Sukulu imatenga katundu pangongole, ndipo wopereka katundu akatopa kudikira amabweretsa nyemba zimene zakanika kugulitsidwa pamsika. Bodingi masitala ndiye amaima pakhomo la dainingi kulandira matukwano a ngongole imene sadatenge.

Tsopano tibwere kwa ife eni ana. Ambiri a m'tauni timadzuka m'mamawa kupita kukaoda katundu ku Limbe kapena ku Malangalanga, kubwerera usiku ana atagona. Ena tili paulendo wa Joni kapena Dar es Salaam masabata awiri. Si mlandu, ndi kusaka chakudya cha ana omwewo. Koma tivomereze kuti tikalipira fizi timaona ngati tagula ndi khalidwe lomwe. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukaitanidwa timatuma wantchito, kapena sitipita n'komwe. Tsiku limene timafika pasukulu ndi lija mwana waimitsidwa, ndipo timafika titakwiya kale, tikunena kuti mwana wanga sangachite zimenezo, ndikuonetsani, ndili ndi achibale kuunduna. Mwana ali pomwepo akumvetsera. Waphunzira kuti mphunzitsi ndi munthu wamba woti ungamuopseze.

Ndipo chamba chimene ana amasutacho sichimera m'munda wa sukulu. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa udali kuwononga achinyamata, koma mowa wotsika mtengo sudathe, udangosintha botolo. Amene amagulitsa kwa mwana wovala yunifolomu ndi munthu wamkulu, mwina ndi kholo la mwana wa pasukulu ina. Amene amalola ana kukhala m'nyumba yoonetsera mavidiyo nthawi ya makalasi ndi munthu wamkulu. Amene amagula matilesi, mababu ndi mabuku obedwa usiku wa zipolowe ndi munthu wamkulu. Madzulo anthu omwewa ali pabawo akuti aphunzitsi alephera.

Komanso ana amaonera akulu. Zisankho za Meyi 2019 zitatha, dziko lino lidakhala pa zionetsero miyezi yambiri, ndipo pakati pa anthu amene ankayenda mwamtendere padali ena amene ankaswa masitolo ndi kutentha maofesi. Amalonda simudaiwale. Mu Juni 2017 aphunzitsi a bungwe la TUM adanyanyala ntchito chifukwa cha ndalama zawo za tchuthi zimene boma lidachedwetsa, ndipo ana a pulayimale adatuluka m'misewu kutseka njira ndi miyala. Mu 2021 kudalinso kunyanyala pa nkhani ya alawansi ya Covid-19. Phunziro limene dziko lino lakhala likupatsa mwana n'lakuti kalata siyankhidwa, koma utsi umayankhidwa. Phunziro limeneli silili pa silabasi, ndipo sadalilembe ndi mphunzitsi.

Wina anena kuti kodi aphunzitsi onse ndi angelo? Ayi ndithu. Alipo amene amafika m'kalasi akununkha mowa. Alipo amene amasiya mitu ina dala kuti akaiphunzitse pa patitaimu yolipiritsa. Alipo amene amakondera polanga, amene amamenyabe ana, ndi amene amanyengerera atsikana a msinkhu wa ana awo. Alipo mahedimasitala amene ndalama za chakudya zimathera m'matumba mwawo. Oterewa achotsedwe ntchito, ndipo amene waphwanya lamulo akaonekere kukhoti. Asamangosamutsidwa kupita kusukulu ya kumudzi ngati ana a kumeneko si ana. Aphunzitsi anzawo ndi bungwe lawo asiye kuwabisa, chifukwa nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Koma taonani apanso: amene ali ndi mphamvu yochotsa mphunzitsi woipa ndi ndani? Si mnzake wa m'sitafu. Ndi olemba ntchito, boma. Mphunzitsi woipa akakhala pantchito zaka khumi, mlandu ndi wa amene adalandira madandaulo n'kuwaika m'kabati.

Kuloza chala aphunzitsi onse kuli ndi mtengo wake. Mwana wanzeru amene wakhoza bwino MSCE amaona mmene mphunzitsi wake amanyozedwera, n'kulumbira kuti uphunzitsi ndi ntchito yolowa zina zikakanika. Mphunzitsi wabwino amene ankayenda m'mahositelo usiku kuteteza a Fomu 1 kwa akuluakulu owazunza amasiya, poopa kugendedwa. Amene wapeza mpata amathawira kusukulu zapulaiveti kapena kumabungwe. Otsala amaphunzitsa, belu likalira n'kumapita. Pamenepo ndiye tidzakhala ndi aphunzitsi olekerera enieni, ndipo tidzakhala tawapanga ndife.

Nanga tichite chiyani? Zina sizifuna ndalama za azungu. Sukulu iliyonse yogonera izimata pabolodi, teremu iliyonse, ndalama zimene zalowa, zimene zagulira chakudya ndi ngongole imene ilipo. Mwana wa Fomu 4 amadziwa kuwonkhetsa. Akaona yekha kuti makolo 80 sadalipire, mkwiyo wake supita kunyumba ya bodingi masitala. Mukomiti yogula chakudya mukhale ophunzira osankhidwa ndi anzawo, osati mapirifekiti oikidwa ndi ofesi okha, komanso kholo lodziwa malonda, loti likagwira nyemba m'manja lidziwa kuti ndi za chaka chatha. Madandaulo a ophunzira akhale ndi tsiku lake lowamvera ndi tsiku loyankhidwa. Unduna udziikire malire a masiku ogamulira mlandu wa mwana woimitsidwa, kuti wolakwa asabwerere ngati ngwazi ndipo wosalakwa asataye teremu. Pakachitika zipolowe, afufuze amene adaswa ndi kutentha, alipire iwowo. Chizolowezi cholipiritsa sukulu yonse mofanana chimalanga mwana amene adabisala kunsi kwa bedi ndipo chimabisa amene adanyamula petulo.

Mu Okutobala 2025 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu za boma akhala aulere. Ndi nkhani yokoma kwa kholo lililonse lovutika. Koma amene adaona 1994 akudziwa funso lofunika kufunsa: ana akachuluka, aphunzitsi, zipinda ndi ndalama zoyendetsera sukulu zichulukanso? Zikapanda kutero, tidzaonanso matope omwe aja, ndipo tidzalozanso chala munthu yemwe uja wa choko m'manja.

Kwa inu ophunzira, mawu anga ndi awa. Kudandaula za nyemba zofumbwa ndi ufulu wanu, ndipo amene amakuuzani kuti mungokhala chete akukunamizani. Koma laibulale imene mukutenthayo si ya nduna. Ana a anthu andalama saphunzira pamenepo. Mabuku amenewo ndi a inu ndi a mng'ono wanu amene ali Sitandade 7 lero. Sukulu ikatsekedwa, MANEB sisuntha tsiku la mayeso chifukwa cha inu, ndipo amayi anu amene amagulitsa tomato ndiwo adzalipire magalasi. Mphunzitsi amene mukumugendayo nayenso ali ndi ngongole pagolosale, ndipo ana ake akugona m'nyumba imene mukuiponyera miyalayo.

Mutu umodzi susenza denga. Denga la sukulu za boma lili ndi nsanamira zinayi: boma, makolo, aphunzitsi ndi ophunzira eni ake. Zitatu zikachoka, tisadabwe kuti yotsalayo yapindika. Msonkhano wa makolo ukaitanidwa teremu ino, tsekani benchi kwa maola awiri, mupite, mukafunse mabuku a ndalama, mukafunsenso dzina la mphunzitsi wa mwana wanu.