Magalimoto Ali pa Miyala: Mlandu Si wa Mtunda Wokha

Aliyense amene amadutsa pa Biwi mu mzinda wa Lilongwe, kapena ku Ndirande ndi ku Limbe mu mzinda wa Blantyre, amaona ndi maso ake magalimoto ambirimbiri atakhazikidwa pa miyala, matayala atachotsedwa, udzu utamera pansi pake. Ambiri mwa magalimoto amenewa sanafe ayi. Galimoto ina ikungosowa injini, ina giyabokosi, ina difu, ina chitseko ndi galasi lakutsogolo basi. Mwini wake akafunsa kwa ogulitsa zipangizo chifukwa chimene injini yakale yochokera ku Japan ikudulira chotero, yankho limakhala limodzi lomwelo: dziko la Malawi lilibe doko, nyanja yamchere ili kutali, ndipo kunyamula katundu wolemera n'kodula. Yankho limeneli lanenedwa kawirikawiri kotero kuti anthu ena aliyesa lamulo lachilengedwe losasinthika. Koma anthu ambiri amabisamo ulesi ndi umbombo, ndipo liyenera kutsutsidwa poyera.

Palibe amene angakane kuti dziko lino lili pakati pa maiko ena. Komabe mtunda wochokera ku Blantyre kukafika ku doko la Nacala pa njanji ndi makilomita pafupifupi 800 okha. Njanji imeneyi, yodzera ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, inatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndipo isanatsegulidwe katundu wa dziko lino ankadzera ku Beira, powoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1935. Masiku amenewo pafupifupi malonda onse a dziko lino ndi maiko akutali ankayenda pa njanji ziwirizi. Nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inasokoneza zonse. Pofika chaka cha 1984 njira zonse ziwiri zinali zitatsekeka, ndipo amalonda anakakamizika kutembenukira ku Durban, mtunda wopitirira makilomita 2,200 podzera ku Tete ndi ku Harare, kapena wopitirira makilomita 3,000 pozungulira ku Zambia. Ena anatembenukira kumpoto, ku Dar es Salaam. Mgwirizano wa mtendere wa ku Mozambique unasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992. Papita zaka zoposa makumi atatu, koma amalonda ambiri a zipangizo za magalimoto akuyendabe ngati kuti mfuti zikulirabe ku Nampula. Chizolowezi chimene chinabadwa m'masiku a mavuto achisandutsa mwambo, ndipo amene akulipira mwambowo ndi mwini minibasi ndi mlimi wa fodya amene lole yake yaima.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndi bwino kuti owerenga adziwe mmene onyamula katundu amawerengera mtengo wawo, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Wonyamula katundu sagulitsa mphamvu yonyamulira yokha. Amagulitsanso malo. Makampani a ndege amayesa bokosi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake, nachulukitsa masentimita amenewo, kenaka nagawa ndi 6,000. Chimene chatuluka amachitcha kulemera kwa bokosilo, ndipo ngati chaposa kulemera kwake kwenikweni pa sikelo, chimenecho ndicho munthu amalipira. Tsono bampala ya pulasitiki, imene mwana wa sukulu angathe kuinyamula ndi dzanja limodzi, ikaikidwa m'bokosi lotalika masentimita 180, la masentimita 60 m'lifupi ndi 50 msinkhu, imasanduka katundu wa makilogalamu 90. Makampani ena opereka katundu mwachangu amagawa ndi 5,000, ndipo bampala yomweyo imakwera kufika pa makilogalamu 108. Munthu wotereyu walipirira mpweya wa m'bokosi kuti uuluke pamwamba pa mitambo, ndipo akafika kwawo amadandaula kuti dziko lake lilibe doko.

Pa sitima yapamadzi mawerengedwe ake ndi ena. Katundu amene sadzaza kontena yonse amalipiritsidwa potengera malo a mita imodzi mbali zonse, kapena makilogalamu 1,000, chimene chakula pa ziwirizi. Injini ya galimoto yaing'ono, yolemera makilogalamu 100 kapena 200, ikamangidwa bwino pa matabwa imakwana m'malo pafupifupi a mita imodzi yomweyo. Pa ndege kilogalamu iliyonse imawerengedwa payokha. Pamadzi kulemera kwa injini yotereyi sikuwonjezera kanthu pa mtengo. N'chifukwa chake zinthu zolemera monga injini, giyabokosi, ekiselo ndi masipuling'i, ndiponso zinthu zazikulu zopepuka monga mabampala, zitseko ndi maboneti, malo ake ndi m'sitima. Nzeru imeneyi siyatsopano. M'chaka cha 1956 Malcom McLean wa ku America anakweza makontena 58 pa sitima yotchedwa Ideal X kuchokera ku Newark kupita ku Houston, ndipo kuyambira pamenepo mtengo wokwezera ndi kutsitsira katundu pamadoko unatsika kwambiri padziko lonse lapansi.

Pali chinanso chimene wochita phuma amaiwala. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha. Umawerengedwa pa mtengo wogulira, wonyamulira ndi wa inshuwalansi zonse pamodzi. Motero munthu amene wasankha njira yodula amalangidwa kawiri: walipira zambiri kwa wonyamula, ndipo akafika kwa a Malawi Revenue Authority msonkho wake umakweranso chifukwa cha ndalama zomwezo. Ndalama zonyamulira zimenezi zimatuluka m'dziko monga ndalama zakunja, zimene zikusowa m'mabanki. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 m'mwezi wa May chaka cha 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 m'mwezi wa November chaka cha 2023. Dziko limene lili m'mavuto otere silingakwanitse kuulutsa mabampala.

Anthu ena, pothawa mtengo wa ndege, agwera m'dzenje lina. Amatumiza injini kapena giyabokosi m'ngolo za mabasi ochokera ku Johannesburg, pamodzi ndi mabulangete, mafiriji ndi matumba a zovala. Amanena kuti njira imeneyi n'njotchipa. Kutchipa kwake kumaoneka tsiku lokweza katundu lokha. Chitsulo cholemeracho chimagubuduzika m'ngolo kuyambira ku Beitbridge, kudutsa ku Nyamapanda, mpaka ku Mwanza, popanda thabwa lochichirikiza. Chikafika chitasweka, palibe kalata, palibe inshuwalansi, palibe woimbidwa mlandu. Kawirikawiri katundu wotere amalembedwa dzina lina kuti azembe msonkho, ndipo akagwidwa pachipata mwini wake amataya injini ndi ndalama zomwe. Apa ndi pamene madobadoba amanenepera. Amalonjeza kuti achotsa katundu mwamsanga, amalandira ndalama m'manja, ndipo zikavuta lamya zawo sizimvekanso. Msonkho umene wazembedwa chotero ndi womwe ukanakonza misewu imene ikuthyola masipuling'i a magalimoto omwewo.

Njira yolongosoka ilipo, ndipo siifuna maphunziro a ku yunivesite. Kontena ya mafiti 20 ili ndi malo okwana mamita pafupifupi 33 oyesedwa mbali zonse, ndipo ya mafiti 40 ili ndi pafupifupi 67. Makaniko mmodzi wa ku Ndirande sangaidzaze yekha. Amakaniko khumi, kapena bungwe la eni maminibasi a m'dera limodzi, angathe kuidzaza popanda vuto. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Magalimoto ambiri a m'misewu ya dziko lino anachokera ku Japan, dziko limene limayendetsa kumanzere monga Malawi, ndipo mitundu yake ndi yowerengeka: Toyota, Nissan, Mazda, Mitsubishi, Isuzu ndi ina yochepa. Zimene zimawonongeka pa magalimoto amenewa amakaniko amazidziwa pamtima. Ogulitsa zipangizo zakale ku Japan ndi ku Sharjah amagulitsa ngakhale theka lakutsogolo la galimoto, lodulidwa pakati, lokhala ndi injini, giyabokosi, nyali ndi mawaya ake onse. M'kontena yolongedzedwa ndi munthu wodziwa ntchito, zitsulo zolemera zimakhala pansi zitamangidwa ndi malamba, zitseko zimaimikidwa m'mbali, mabampala amalowetsedwa ina m'kati mwa inzake monga mbale, ndipo timipata totsala timadzazidwa ndi tizipangizo ting'onoting'ono. Palibe mpweya wolipiridwa. Mtengo wa kontenayo, wa pa doko ndi wa wochotsa katundu wovomerezeka ndi Boma umagawidwa pakati pa anthu khumi m'malo mogwera munthu mmodzi.

Kulongedza kuli ndi malamulo ake, ndipo wowanyoza amalira pa doko. Injini iyenera kukhutulidwa oyilo ndi mafuta onse isanakwezedwe. Mabatire ndi zikwama za mpweya zoteteza anthu pangozi zili m'gulu la katundu woopsa, ndipo ziyenera kulembedwa moona m'makalata. Matabwa oikapo katundu wodutsa malire a maiko ayenera kukhala otenthedwa kapena ofukizidwa mankhwala, okhala ndi chidindo cha lamulo lotchedwa ISPM 15, loletsa tizilombo ta m'mitengo kuyenda kuchoka dziko lina kupita dziko lina. Galasi lakutsogolo limayenda choimirira m'bokosi lamatabwa, chifukwa likagonekedwa limang'aluka pa bampu yoyamba. Koposa zonse, makalata ayenera kukonzedwa sitima isanakocheze. Eni makontena amapereka masiku ochepa aulere, ndipo masikuwo akatha amalipiritsa tsiku ndi tsiku m'ndalama zakunja. Amalonda ambiri amene amatukwana madoko a Beira ndi Dar es Salaam anayamba kufunafuna ndalama za msonkho kontena itafika kale.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka, ndipo siyenera kubisidwa. Amati minibasi ikaima tsiku limodzi banja limagona ndi njala, ndipo katundu wa pamadzi amatenga masabata ambiri, nthawi zina miyezi. N'zoona. Kachipangizo kakang'ono ka magetsi kolemera ngati bokosi la machesi, kamene kaimitsa ambulansi kapena thirakitala nthawi yolima, kabwere pa ndege ndithu, ndipo palibe wanzeru amene angatsutse. Koma injini ya minibasi siifa ngati mphezi. Imayamba yafuka utsi, imadya oyilo, imalira mawu achilendo kwa miyezi, ndipo dalaivala ndi kondakitala amamva zonsezi tsiku lililonse. Mwini galimoto amene amayembekezera kuti ifere pa Zalewa itadzaza anthu, ndipo pamenepo n'kuyamba kuimba lamya ku Johannesburg, phuma lake analiitana yekha. Kuthamanga sikufika. Ntchito ya wamalonda weniweni wa zipangizo ndiyo kuona patsogolo, kuitanitsa m'nyengo yake ndi kusunga katundu m'sitolo kuti wogula amupeze pomwepo. Wamalonda amene sitolo yake ili mbee, amene amangolandira ndalama za wogula n'kuyamba kufunafuna basi yomubweretsera katundu, sayenera kudzitcha wamalonda. Iye ndi mthenga chabe, ndipo akulipiritsa mtengo wa wamalonda.

Amalonda ena amene amabweretsa kale makontena odzaza nawonso ayenera kufunsidwa. Iwo amadziwa bwino lomwe kuti injini imodzi mwa makumi angapo a m'kontena inawadyera ndalama zochepa zonyamulira, komabe amaigulitsa pa mtengo wofanana ndi wa injini yobwera yokha, ndipo wogula akadandaula amamuuza nthano ija ya kusowa kwa doko. Anthu otere sangakondwe kuona amakaniko akugwirizana, chifukwa kusadziwa kwa ogula ndiko phindu lawo.

Oyendetsa njanji nawonso asaganize kuti apulumuka. Kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yochokera ku Moatize, yodutsa m'chigawo cha kumwera cha dziko lino mpaka ku Nkaya, ndi kukonzanso yopita ku Nacala, ndipo njira yonseyo inatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 2017. Cholinga chake chachikulu chinali malasha. Sitima zazitali za malasha zimadutsa pa Liwonde anthu akuona, pamene makontena ambiri a amalonda akubwerabe pa mathiraki, akuima masiku pa zipata za Songwe, Dedza ndi Mwanza. Thiraki imodzi imanyamula kontena imodzi yaikulu kapena ziwiri zazing'ono. Sitima imodzi imakoka makumi angapo. Ndiponso popeza dziko lino limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, mathiraki ambiri amabwerera ku doko opanda kanthu, ndipo ulendo wobwererawo amaulipira ndi woitanitsa katundu yemweyo. Wamalonda wamng'ono sathawa njanji chifukwa choida. Amaithawa chifukwa amafuna kudziwa tsiku limene kontena yake idzanyamuke ku Nacala ndi tsiku limene idzafike ku Limbe kapena ku Kanengo, ndipo thiraki ndi imene imampatsa yankho. Oyendetsa njanji alengeze masiku okhazikika a sitima za makontena ndi mitengo yake poyera, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo awasunge masikuwo. Njanji ya kumunsi yodzera ku Nsanje, imene madzi osefukira anaidula pa Chiromo m'chaka cha 1997, nayonso imalizidwe mpaka ku Limbe, kuti doko la Beira lipikisane ndi la Nacala pa katundu wa dziko lino.

Zotsalazo zili m'manja mwa eni magalimoto ndi amakaniko eni ake. Mabungwe awo alipo kale, ndipo amakumana kawirikawiri pokambirana za mitengo ya maulendo ndi za malo oimikapo magalimoto. Pa msonkhano wotsatira atsegule buku, aliyense alembemo mtundu wa galimoto yake, nambala ya injini ndi chimene chikufuna kusinthidwa m'miyezi isanu ndi umodzi ikudzayi. Asankhe msungichuma wokhulupirika, ndalama zisungidwe ku banki m'dzina la bungwe, ndipo wochotsa katundu akhale wa chiphaso chimene aliyense wachiona ndi maso ake. Buku limenelo likadzaza masamba awiri, kontena yoyamba yakwana.