Udzu wa Parthenium ndi Acikumbi a Mbeu za Ndiwo

Acikumbi anzathu, pali udzu wacilendo umene tifuna kuti muudziwe usanafike m'dimba mwanu. Dzina lace ndi Parthenium, ndipo kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nako. Unaoneka ku India m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero wafala ku Ethiopia, ku Kenya, ndi kwa anansi athu ku Mozambique ndi ku Tanzania. Ku Arusha, kumene alimako mbeu za ndiwo zotumiza kunja, anaucha gugu karoti, popeza masamba ace afanana ndi a karoti. Maluwa ace ndi aang'ono, oyera.

Wolima ndiwo zamasamba akalekerera udzuwu angotaya zina za zokolola zace. Koma wolima mbeu mlandu wace ngwaukuru. Iye asiya mpiru, anyezi kapena karoti m'dimba kufikira njere zitakhwima, ndipo nthawi yonseyo Parthenium nayenso alikukhwima, pakuti acita maluwa patangopita milungu 4 kufikira 6 cimerere. Tsinde limodzi likhoza kubala njere zoposa 10,000, zazing'ono ndi zopepuka. Pomenya mpiru pamphasa njerezo zigwera momwemo, ndipo licero silizicotsa zonse. Tsono wogula afesa udzu ndi dzanja lace lomwe, ataulipira ndalama. Kodi munthu ameneyo adzabweranso kwa inu caka camawa?

Ena ati tidikire tizirombo. Nzoona kuti kacirombo kochedwa Zygogramma, kamene kadya masamba a udzuwu, anakamasula ku Australia mu 1980 ndi ku South Africa mu 2013. Koma kacirombo kangocepetsa udzu m'dziko. Sikayeretsa thumba la mbeu. Ife titi zulani ndi mizu yomwe usanacite maluwa. Kuusenga ndi cikwakwa nkutaya nthawi, pakuti uphukanso. Pozula bvalani malaya a manja atali ndi kukulunga zikhato m'nsaru, cifukwa udzuwu uyabwa pakhungu, ndipo ena uwabanikitsa m'cifuwa. Umene wacita kale maluwa muutenthe. Musauponye m'dzenje la manyowa iai.

Ndiponso musalekezere m'malire a dimba lanu. Udzuwu uyambira m'mbali mwa mseu, pamsika ndi pakhola, pamene magalimoto ndi ziboda za ng'ombe zitaya njere. Nyakwawa aitane mudzi wonse tsiku limodzi mvula yoyamba itagwa, ndi kubwereza nchitoyo caka ndi caka, popeza njerezo zikhala zamoyo m'nthaka zaka zingapo.