Misewu yadothi ya kumapiri ingakope alendo apanjinga, koma ikusowa woisamala

Nkhani ya misewu ikamakambidwa m'nyumba ya malamulo kapena pa misonkhano ya makhonsolo, chomwe aliyense amapempha ndi phula. Izi n'zomveka, popeza mwa misewu yotalika makilomita oposa 15,000 yomwe ili m'kaundula wa boma, yaphula siikwana gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo nthawi ya dzinja madera ambiri safikika.

Komabe pali misewu ina imene phindu lake lagona pa kukhala yadothi komanso yosadutsa magalimoto ambiri. Iyi ndi misewu ya m'nkhalango za boma ndi m'malo osungirako nyama zakutchire kumapiri a Viphya, Nyika ndi Zomba. Inalambulidwa kalekale kuti ogwira ntchito azidzala mitengo, kuzimitsa moto ndi kulondera nyama, koma lero ndi mtundu wa misewu womwe alendo okonda kupalasa njinga akufunafuna m'maiko ambiri.

Funso lomwe adindo akuyenera kuliganizira ndi lakuti kodi misewuyi ili m'manja mwa yani, ndipo ndani adzaikonze mvula ikaiwononga.

Masewero omwe akukula

Kupalasa njinga m'misewu yadothi ndi timiyala, komwe pa Chingerezi amati gravel, kwakula kwambiri m'zaka khumi zapitazi. Njinga zake zimafanana ndi zampikisano za pa phula, kungoti matayala ake ndi okulirapo kuti azigwira bwino dothi. Bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse la UCI linachititsa mpikisano wake woyamba wa akatswiri a masewerowa m'chaka cha 2022 m'dera la Veneto ku Italy.

Mu Africa muno, ku Kenya kunayamba mpikisano wa masiku anayi wa Migration Gravel Race m'dera la Maasai Mara m'chaka cha 2021. Dziko la Rwanda linatsegula njira ya Congo Nile Trail m'chaka cha 2011, yotalika makilomita 227 m'mapiri a m'mbali mwa nyanja ya Kivu, kuchokera ku Rubavu kukafika ku Rusizi. Mu September 2025, mzinda wa Kigali unalandira mpikisano wa njinga wa dziko lonse wa pa phula, koyamba kuti uchitikire mu Africa.

Ambiri mwa opalasa njingazi si akatswiri ampikisano ayi. Ndi anthu wamba apantchito omwe amafuna zinthu zitatu: malo okongola, mpweya wozizira bwino, ndi njira yomwe sangagundidwe ndi galimoto. Chachitatuchi ndicho chimasowa m'maiko ambiri, ndipo ndicho amalolera kulipira ndalama kuti achipeze.

Mlendo wapanjinga amasiyana ndi wapagalimoto pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Wapagalimoto amagula zakudya ndi zakumwa mumzinda, n'kudutsa midzi yambiri osaima. Wapanjinga sanyamula katundu wambiri, choncho amagula nthochi, mbatata, tiyi ndi madzi m'njira, amagona pafupi ndi pomwe dzuwa lamulowera, ndipo amafuna womulondolera njira ndi womukonzera njinga. Ndalama yake imatsalira m'midzi momwe wadutsa.

Zomwe dziko lino lili nazo kale

Nkhalango ya Viphya, yomwe ambiri amaitcha Chikangawa, ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000. Kudzala mitengo ya paini kunayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo kunakula dziko litalandira ufulu wodzilamulira, n'cholinga chodyetsa fakitale yopanga zipangizo za mapepala yomwe inkayembekezeka kumangidwa cha ku Chintheche. Fakitaleyo siinamangidwe, koma misewu yodutsa m'zigawo za nkhalangoyi inatsala. Ku Luwawa, kummwera kwa nkhalangoyi, kunatchuka ndi mpikisano wa njinga za m'mapiri umene unaonetsa kuti misewuyi ingakope anthu ochokera kutali.

Malo osungirako nyama a Nyika anakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 ndipo anakulitsidwa mu 1978 kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000. Gawo lalikulu lili pamtunda woposa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda ndi yoposa mamita 2,600. Misewu yozungulira Chelinda imadutsa m'zitunda za udzu momwe munthu amaona mbidzi, ntchefu ndi chilembwe ali pa njinga. Mu 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza, zomwe zikupereka mwayi woti misewu ya m'menemo ikhale ndi dongosolo lokhazikika.

Phiri la Zomba lili ndi mwayi wina woti lili pafupi ndi anthu ambiri. Msewu waphula umafika mpaka ku Ku Chawe, ndipo kuchokera pamenepo misewu yadothi imalowera ku damu la Mulunguzi, ku Chingwe's Hole, ku Queen's View ndi ku Emperor's View, malo omwe anatchedwa dzinali pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Munthu wa ku Blantyre angathe kunyamuka m'mawa, kupalasa njinga paphiripo, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Apa zikuonetsa kuti gawo lodula kwambiri la ntchitoyi, lomwe ndi kusema msewu m'phiri, linagwiridwa kale ndi ndalama za boma. Chotsala ndi chisamaliro.

Vuto la umwini

Bungwe la Roads Authority ndi la Roads Fund Administration, omwe anakhazikitsidwa ndi malamulo a 2006, amaika mtima pa misewu yolumikiza mizinda, maboma ndi misika. Makhonsolo, malinga ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, amayang'ana misewu ya m'midzi yopita kuchipatala ndi kusukulu. Misewu ya mkati mwa nkhalango ili pansi pa nthambi ya za nkhalango kapena makampani omwe anapatsidwa chilolezo chodula mitengo, monga Raiply ku Chikangawa, pomwe ya ku Nyika ili pansi pa nthambi yoona za malo osungirako nyama zakutchire.

Nthambi yoona zokopa alendo, yomwe ndiyo ingaitane alendowo, ilibe msewu ngakhale umodzi m'manja mwake. Zotsatira zake n'zakuti amene angapindule ndi msewu alibe mphamvu pa iwo, ndipo amene ali ndi mphamvu amauona ngati njira yotulutsira matabwa basi. Mitengo ya m'chigawo china ikadulidwa n'kutha, palibenso chifukwa chokonzera msewu wa kumeneko kufikira mitengo ina itakula, zomwe pa paini zimatenga zaka 20 kapena kuposerapo.

Msewu wadothi wa kuphiri sudikira zaka zimenezo. Ngalande ikatsekeka ndi masamba ndi dothi, madzi amayenda pakati pa msewu n'kukumba chigwembe. Dzinja limodzi kapena awiri okha, malo omwe anthu ochepa akanakonza ndi makasu amafuna makina. Namondwe wa Freddy wa mu March 2023, yemwe anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, anaonetsa mmene madzi amagumulira malo otsetsereka omwe mitengo inatha.

Kutha kwa mitengo ndi moto wolusa ndi mavuto enanso. Aliyense woyenda mumsewu wa M1 pakati pa Mzimba ndi Mzuzu amaona zitunda zomwe kale zinali zobiriwira zili mbee. Mlendo sangalipire ndalama za ndege kuti adzapalase njinga pakati pa zitsa ndi phulusa. Motero nkhani ya njinga siingalekanitsidwe ndi nkhani yobwezeretsa nkhalango.

Phunziro la ku New Zealand

Dziko la New Zealand linakumana ndi funso lofanana ndi limeneli. Njanji ya m'dera la mapiri la Central Otago itatsekedwa mu 1990, nthambi ya boma yoona zosamalira chilengedwe inagula malo omwe njanjiyo inkadutsa mu 1993. Inachotsa zosafunika, kukonza milatho ndi kuthira timiyala, mothandizana ndi bungwe la anthu a m'deralo lomwe linkasonkhetsa ndalama. Njirayi, yotalika makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Clyde kukafika ku Middlemarch, inatsegulidwa m'chaka cha 2000, ndipo magalimoto saloledwa kuyendamo.

Timatauni tomwe tinkafota njanji itatsekedwa tinayambanso kulandira alendo ofuna malo ogona ndi chakudya. Poona izi, boma la dzikolo linaika padera ndalama zokwana madola a ku New Zealand 50 miliyoni mu 2009 kuti likonze njira zina zotere m'dziko lonse.

Chuma cha New Zealand n'chosiyana kwambiri ndi cha Malawi, ndipo ndalama zoterezo sizingapezeke kuno. Koma zomwe zinathandiza ku Otago sizinali ndalama zokha. Njirayo inali ndi mwini mmodzi wodziwika, lamulo lomveka la amene angayendemo, komanso anthu a m'deralo omwe ankaona phindu lake. Zitatuzi zimafuna chisankho cha adindo kuposa thumba lalikulu.

Kupanda magalimoto kusakhale kutsekera anthu

Pofunika kusamala ndi pa tanthauzo la njira yopanda magalimoto. M'dziko muno njinga ndi chida chantchito. Ndi ya mlimi wopita kuchigayo, wakabaza ndi mphunzitsi wa kumudzi. Anthu ozungulira nkhalango amadutsa m'misewuyi popita kwa abale ndi kumisika, ndipo amayi amatolamo nkhuni. Dongosolo lomwe lingawathamangitse pofuna kusangalatsa alendo lingabale udani, ndipo udani wotere nthawi zambiri umathera pa moto wa m'nkhalango.

Chimodzimodzinso, misewu yolumikiza anthu ndi zipatala ndi misika, monga wochokera ku Rumphi kudzera ku Nyika kupita ku Chitipa, ikuyenera kukonzedwa kuti magalimoto aziyenda bwino chaka chonse. Palibe nzeru yoti anthu a ku Nthalire azivutika pofuna kusunga fumbi la alendo. Msewu wabwino wofika pa chipata cha Thazima ungathandizenso alendo omwewo kufika msanga.

Chofunika n'kusiyanitsa misewu ya mitundu iwiriyi. Yodutsa ikhale ya magalimoto. Ina ya mkati, yosankhidwa bwino, ikhale ya oyenda pansi ndi apanjinga, kupatula magalimoto a alonda, ozimitsa moto ndi ambulansi. Komwe kukudulidwa mitengo, malole onyamula matabwa akhale ndi njira zawo kapena masiku awo odziwika. Njinga zamoto, zomwe zachuluka kwambiri masiku ano, zikuyeneranso kuganiziridwa m'malamulowo.

Zoyenera kuchita

Choyamba ndi kalembera. Nthambi ya za nkhalango, ya za nyama zakutchire, ya zokopa alendo ndi makhonsolo a Zomba, Mzimba, Nkhata Bay ndi Rumphi akhoza kuyendera misewuyi limodzi, kulemba kutalika kwake, mmene ilili, ndi malo omwe pali milatho yoguga. Bungwe la Cycling Federation of Malawi ndi eni malo ogona alendo angathandize kusankha njira zoyenera.

Chachiwiri ndi kuyamba pang'ono. Njira zitatu zozungulira, ina pa Zomba, ina ku Luwawa, ina ku Chelinda, zokhala ndi zikwangwani ndi mapu olondola, n'zokwanira kuyesera. Kulengeza njira yaitali yomwe ili papepala pokha kungangoononga mbiri, chifukwa mlendo wosochera kapena wopeza mlatho wothyoka amauza anzake pa intaneti tsiku lomwelo.

Chachitatu ndi ndalama zokonzera. Gawo la ndalama zolowera pachipata liyenera kubwerera ku msewu womwewo. Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola kale mgwirizano wosamalira nkhalango pakati pa boma ndi anthu a m'midzi, ndipo luso lokonza misewu ndi manja lilipo kuyambira nthawi ya ntchito za MASAF. Magulu a m'midzi angapatsidwe zigawo zawo zotsegula ngalande mvula isanayambe, n'kumalipidwa ntchito ikaoneka.

Chachinayi ndi chitetezo. Ku Nyika kuli nyama zoopsa, kuphatikizapo njovu 34 zomwe zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde mu 2017, kotero njira zina zimafuna mlonda. Payeneranso kukhala dongosolo lotengera wovulala kuchipatala, makamaka m'malo momwe lamya za m'manja sizigwira.

Adindo asayembekezere khamu la alendo chaka chonse. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October, pomwe misewu ndi youma, ndipo miyezi yomweyi ku Ulaya kumakhala kotentha bwino moti ambiri amapalasa njinga kwawo. Choncho msika woyamba ndi Amalawi eni ake, alendo okhala m'dziko muno, ndi a maiko oyandikana nawo monga Zambia, Tanzania ndi South Africa.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021, amatchula ntchito zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zokwezera chuma. Zambiri zomwe zimakambidwa pansi pa mutuwu zimafuna mahotela ndi mabwalo a ndege a ndalama zankhaninkhani. Njira za njinga za kumapiri zimafuna makasu, zikwangwani ndi mgwirizano wa nthambi zitatu kapena zinayi za boma. Mgwirizanowo ukachedwa, mvula ya chaka chilichonse ipitiriza kukokolola misewuyo, ndipo kudzailambulanso kudzadya ndalama zambiri kuposa zomwe zikufunika lero.