Kazembe samangidwa, koma kumupitikitsa kuli ndi mtengo

Mu March 2025, boma la America lidapitikitsa kazembe wa South Africa, Ebrahim Rasool, atadzudzula ndale za Pulezidenti Donald Trump. Ngakhale lidakwiya chotani, bomalo silikadatha kumumanga.

Chifukwa chake chili m'pangano la ku Vienna la 1961. Gawo 29 limaletsa kumanga kapena kutsekera kazembe, pomwe gawo 22 limaletsa apolisi kulowa mu ofesi ya kazembe popanda chilolezo cha mkulu wa ofesiyo. Chitetezochi sichidaikidwe kuti kazembe adzimve ukulu, koma kuti agwire ntchito ya dziko lomwe lamutuma mopanda mantha. N'chifukwa chake gawo 41 limamulamulanso kulemekeza malamulo a komwe ali ndi kusalowerera nkhani za m'dzikomo.

Chida chomwe dziko lomulandira latsala nacho ndi gawo 9: kulengeza kuti kazembeyo sakufunikanso, nthawi iliyonse, osapereka ngakhale chifukwa.

Amalawi amachidziwa chidachi. Mu April 2011, boma la Bingu wa Mutharika lidapitikitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, itaululika kalata yake yachinsinsi yodzudzula ulamuliro wa mtsogoleriyo. Britain idabwezera pothamangitsa woimira Malawi ku London, ndipo mu July idaimitsa thandizo lake ku bajeti ya boma, panthawi yomwe mafuta ndi ndalama zakunja zinkasowa.

Malamulo amalola dziko lililonse kupitikitsa kazembe, koma mphamvu za maiko si zofanana. Dziko lodalira thandizo likatero, ululu wake umagwera anthu wamba.